Misewu imene inkadetsa mfuti ku Birmingham

Munthu akatsika sitima pa Snow Hill, mumzinda wa Birmingham ku England, n'kuwoloka chimsewu cha St Chad's Queensway, amafika m'dera limene mpaka lero limatchedwa Gun Quarter. Dzinalo limakumbutsa za mfuti, koma maso amangoona nyumba zosanjikizana zogonamo anthu. Ku Shadwell Street, m'mphepete mwa ngalande ya Birmingham and Fazeley, kwamera midadada ya Snow Hill Wharf, ndipo cha ku Lancaster Circus kwadzaza zipinda za ophunzira a ku yunivesite. Mu 2011 akuluakulu a mzindawu anafika polengeza kuti derali lizitchedwa St George and St Chad, anthu n'kuwadzudzula kuti akufafaniza mbiri. Dzina lakale silinachoke pakamwa pa anthu. Zimene zikuchoka ndi ntchito zimene zinabala dzinalo, ndipo imodzi mwa izo ndi yodetsa mipope ya mfuti, imene eni chinenero amaitcha blacking kapena bluing.

Monga Amalawi ambiri amene tili kuno, ndinagwirapo ntchito yosamalira okalamba. M'nyumba ina imene ndinkagwiramo munali agogo aamuna, mbadwa ya ku Aston, amene anali ndi khalidwe limene poyamba ndinkaliyesa la ukalamba chabe. Ndikawapatsira mpeni wodyera, ankaulandira ndi kansalu, n'kupukuta bwinobwino pamene chala changa chakhudza chitsulo. Nditawafunsa, anaseka n'kundiuza kuti anasiya sukulu ali ndi zaka 15, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, n'kukalowa ntchito kwa mmisiri wodetsa mipope cha ku Price Street. Kumeneko mnyamata akasiya chidindo cha chala pa mpope wotsukidwa kale, ankamenyedwa khofi. Ndi agogowa amene anadzanditumiza kwa bambo wina amene iwo anamuphunzitsa, nayenso waimvi kale, yemwe anali adakali ndi kachipinda kake kogwiriramo ntchito. Kumeneko ndinkapitako Loweruka ndikakhala kuti sindili pa ntchito, ndipo bamboyo anakhala aphunzitsi anga. Zimene ndikulembazi ndi zochokera kwa akuluakulu awiriwa, kuphatikizapo zimene mabuku a mbiri ya mzindawu amagwirizana.

Ambiri akaona mpope wa mfuti wakuda bii, wonyezimira mobiriwira pang'ono, amayesa penti. Si penti ayi. Ndi dzimbiri. Chitsulo chikakumana ndi chinyezi chimachita dzimbiri lofiira, lofumbutuka, limene limadya chitsulocho mpaka kuboola. Koma dzimbiri lomwelo, likadali lanthete, ukaliwiritsa m'madzi oyera limasandulika lakuda, lolimba, lomatirira ku chitsulo, limene asayansi amalitcha magnetite. Khungu lakudali ndi lopyapyala kwambiri, koma limamwa mafuta n'kuwasunga, ndipo mafutawo ndi amene amatchinga chinyezi. Limathandizanso mlenje kuti dzuwa lisamuthobwe m'maso poloza. Choncho ntchito ya wodetsa mipope ndi kuitana dzimbiri dala, kuliyang'anira pamene likumera, n'kuliimitsa lisanayambe kuwononga.

Mfuti zinayamba kupangidwa mochuluka ku Birmingham chakumapeto kwa zaka za m'ma 1600. Mfumu William III inkafuna zida zambiri, ndipo phungu wa ku Warwickshire, Sir Richard Newdigate, anatsimikizira boma kuti osula zitsulo a kwawo angathe kuzipanga. Atayesedwa kuyambira mu 1689, mu 1693 anapatsidwa ntchito yopereka mfuti 200 mwezi uliwonse. Amisiri oyambawo ankakhala cha ku Digbeth, kumunsi kwa mzinda. Kusamukira kumtunda kunachitika m'zaka za m'ma 1700, pamene malo a banja la Weaman anadulidwa misewu ndipo tchalitchi cha St Mary chinamangidwa mu 1774. Nyumba zozungulira tchalitchicho zinali za anthu opeza bwino, zokhala ndi minda ya maluwa kuseri. Pang'onopang'ono eni ake anasamukira kunja kwa mzinda kuthawa utsi, zipinda zawo n'kusanduka mogwirira ntchito, ndipo m'minda muja munamangidwa timashedi ta njerwa tokhala ndi mawindo aatali olowetsa kuwala. Weaman Street, Whittall Street, Loveday Street, Steelhouse Lane ndi Bath Street zinadzaza amisiri mpaka m'zipinda za pansi pa denga.

Chodabwitsa cha derali n'chakuti munthu wotchedwa wopanga mfuti kawirikawiri sankapanga mfuti ndi manja ake. Iye anali ndi sitolo, ndalama ndi dzina. Mipope ankagula kwa osula a ku Aston, Smethwick kapena West Bromwich, kumene kunali zigayo za madzi ndi za nthunzi zonolera zitsulo. Timakina towombera tinkachokera ku Darlaston, Wednesbury ndi Wolverhampton. Zidutswazi zikafika, ankazitumiza kwa amisiri odziimira paokha, aliyense ndi kagawo kake. Wina ankangosema mtengo wa mfuti, wina ankangoboola ndi kumanga zomangira, wina ankangopala ndi tupa, wina ankangojambula maluwa pa chitsulo, wina ankangosalaza, ndipo pafupi ndi mapeto peniipeni ndi pamene pankabwera wopaka mtundu. John Dent Goodman, amene analemba za ntchitoyi m'zaka za m'ma 1860, anawerengera anthu oposa 7,000, ogawika m'ntchito zosiyanasiyana makumi angapo. Mfuti imodzi inkatha kulowa ndi kutuluka makomo ambirimbiri isanafike kwa wogula.

Olumikiza makomowa anali anyamata. Agogo aja ankati miyezi yawo yoyamba sanagwireko mankhwala ngakhale dontho. Ntchito yawo inali kusenza mipope paphewa, yokulungidwa m'chiguduli, kuchoka kwa wosalaza kupita kwa abwana awo, kenako kuibweza kwa womanga mfuti. Ankakwera masitepe a matabwa amdima, opapatiza, ogwedera, n'kudikira pakhomo mpaka mwini chipinda atakweza mutu. Ankati msewu uliwonse unali ndi phokoso lake: tupa likulira pa chitsulo kuchokera m'mawindo otsegula, kanyundo ka wojambula kakugogoda mofulumira, malamba a makina akuwomba m'mwamba, ndi mabelu a tchalitchi chachikulu cha St Chad, chimene Augustus Pugin anachijambula ndipo chinatsegulidwa mu 1841. Fungo nalo linkamuuza mnyamata pamene wafika. Kwa wosema mitengo kunkanunkhira mafuta a linseed, kwa wowotcha zitsulo kunkanunkha mafupa opserera, ndipo kwa wodetsa mipope kunkamveka asidi wosakanikirana ndi nthunzi. Kuyenda kumeneku kunali sukulu. Pofika tsiku loti ayambe kugwira thonje la mankhwala, mnyamata ankadziwa kale kuti mmisiri uti amasalaza mosamala, uti amabisa zipsera, ndiponso kuti ntchito ya aliyense imaoneka bwanji ikatha.

Mpope usanapakidwe mtundu unkayamba wapita ku Banbury Street. Kumeneko kuli Proof House, nyumba imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la nyumba ya malamulo mu 1813, nkhondo zolimbana ndi Napoleon zili mkati, nthawi imene Birmingham inapangira boma mfuti zoposa miliyoni imodzi ndi theka. Mipope inkaikidwa pamzere m'chipinda cholimba, yothiridwa onga wochuluka kuposa wa masiku onse, n'kuphulitsidwa pamodzi. Wong'ambika unkatayidwa, wopirira unkadindidwa chizindikiro. Nyumbayi ikugwirabe ntchito yomweyo, pafupi ndi pamene akumanga siteshoni yatsopano ya Curzon Street. Kwa wodetsa mipope, chidindo cha ku Banbury Street chinali chopatulika: posalaza sankayenera kuchifafaniza kapena kuchepetsa chitsulo mpaka mpope kupyapyala.

M'zaka zambiri za m'ma 1800 mtundu wofala sunali wakuda koma wofiirira. Mipope yabwino ya nthawiyo, yotchedwa Damascus, inkapangidwa popota pamodzi timitengo ta chitsulo chofewa ndi cholimba, kenako kuzengereza chingwe chimenecho pa ndodo yachitsulo n'kuchisula chili chofiira mpaka chitagwirana. Ena ankasonkhanitsa misomali yakale ya nsapato za akavalo n'kuisungunula kuti apeze chitsulo chabwino. Mpope wotere ukangosalazidwa unkaoneka woyera ngati wina uliwonse. Mizere yake yopotana inkatuluka m'manja mwa wopaka mtundu, chifukwa mankhwala amaluma zitsulo ziwirizo mosiyana. Iye ankameretsa dzimbiri, n'kulipala, kulimeretsanso, n'kulipalanso, osawiritsa, mpaka chitsulo china chitafiira kwambiri china n'kutsala chowala. Aphunzitsi anga anandionetsa mpope wotere umene munthu anabweretsa kuti aukonzenso. Utabwera unali wotuwa, wopanda chooneka. Patapita masiku ukulowa ndi kutuluka m'kabati, mizere inayamba kuyandama pang'onopang'ono kuchokera kumatako mpaka kukamwa, yopiringizika mofanana mbali zonse, ntchito ya wosula amene anamwalira kalekale.

Si mfuti zonse za m'derali zimene zinkalandira ulemu wotere, ndipo apa mbiri ya Birmingham imakumana ndi yathu. M'zaka za m'ma 1700 mfuti zotchipa zambirimbiri zinkapangidwira malonda a ku Africa, kumene zinkasinthanitsidwa ndi anthu. Banja la Galton, la mpingo wa Quaker, linalemera ndi malonda amenewa, ndipo m'zaka za m'ma 1790 a mpingo wake anamudzudzula Samuel Galton wamng'ono mpaka kumuchotsa pa chifukwa chopanga zida. Mfuti za msika umenewu zinkapangidwa ndi chitsulo chotsika, mitengo yake n'kupakidwa utoto wofiira, ndipo palibe amene ankataya masiku kuzipaka mtundu mosamala. Ukapolo wa pa nyanja ya Atlantic utaletsedwa, malonda a mfuti ku Africa sanathe. M'zaka za m'ma 1800 mfuti za ku Britain ndi ku Belgium zinkalowa kudzera ku Zanzibar, Kilwa ndi Quelimane, n'kukwera ndi amalonda a minyanga ndi akapolo mpaka ku nyanja yathu, kwa Jumbe ku Nkhotakota, kwa Makanjira ndi kwa Mponda. Pangano la ku Brussels la mu 1890 linaletsa kugulitsa mfuti zamakono m'chigawo chachikulu cha Africa, koma linasiya mpata wa zachikale zothirira onga kukamwa.

Kumudzi kwathu kunali gogodela amene akuluakulu ankaopsezera nguluwe ndi anyani m'munda. Mpope wake unali wofiirira modera, wosalala chifukwa chogwiridwa ndi manja ambiri ndi kupakidwa mafuta a nsatsi. Nditawafotokozera agogo aja za mfutiyi, anangogwedeza mutu n'kunena kuti mtundu umenewo ndi womwewo umene iwo ankalipidwa kuti aupange, kungoti wathu unatenga zaka zambiri pamene wawo unkatenga masabata. Za malonda a akapolo ankazidziwa, ndipo sankazibisa. Ankati ali mnyamata nkhaniyi sinkakambidwa m'mashedi, ngakhale kuti nyumba zina zimene ankakweramo zinamangidwa m'nthawi ya malonda amenewo.

Mu 1861 opanga mfuti angapo a m'derali anasonkhana n'kuyambitsa kampani ya Birmingham Small Arms, imene ambiri amaidziwa kuti BSA, n'kumanga fakitale ku Small Heath yopanga mfuti za asilikali ndi makina. Kuyambira pamenepo mfuti za nkhondo zinayamba kuchoka m'manja mwa amisiri a m'tizipinda. Chimene chinatsala ku Gun Quarter ndi mfuti zosakira, makamaka za mipope iwiri yogundana. Imeneyi inali nyengo ya mayina akuluakulu: W. W. Greener ku St Mary's Square, Webley ku Weaman Street, ndi Westley Richards, kumene mu 1875 William Anson ndi John Deeley anatulukira kamangidwe ka makina owombera kamene mfuti zambiri zosakira zikutsatirabe. Mfuti zambiri zimene zinkagulitsidwa ndi mayina a masitolo a ku London ndi a m'matauni ena zinali zopangidwa kuno, dzina lokha n'kudzalembedwa pomaliza. Chakumapeto kwa zaka zomwezo mipope ya Damascus inayamba kulowedwa m'malo ndi ya chitsulo cholimba chamtundu umodzi. Imeneyi inalibe mizere yoti ionetsedwe, choncho ogula anayamba kufuna yakuda, ndipo opaka mtundu anawonjezera mphika wowiritsira pa zida zawo.

M'kachipinda ka aphunzitsi anga munali zinthu zochepa: benchi pansi pa windo, chimphika chachitali chopapatiza chokhala pa moto wa gasi, kabati yamatabwa yokhala ndi mbale ya madzi pansi pake, ndi gudumu la waya wofewa lozunguliridwa ndi kamota. Phunziro loyamba linali kusalaza. Mtundu wakuda subisa kanthu. Kachipsera kosaoneka pa chitsulo choyera kamaonekera poyera chikadetsedwa. Choncho mpope umapalidwa ndi nsalu ya emery, kuyambira yokhakhala mpaka yosalala, motsata utali wake, osadutsa mopingasa, ndipo pa malemba ndi pa zidindo umangodutsapo mopepuka kuti ngodya zake zisafe. Amauloza ku windo n'kuyang'ana mthunzi wa felemu ukuyenda pa chitsulo. Mthunziwo ukapindika penapake, ndiye kuti pali dzenje.

Kenako mabowo onse amatsekedwa ndi timitengo tosemedwa bwino, timene timakhalanso zogwirira, chifukwa kuyambira apa dzanja silikhudzanso chitsulo. Mafuta onse ayenera kuchoka. Akale ankapaka phala la choko, n'kulisiya liume kuti limwe mafuta, kenako kulipukuta ndi burashi yoyera. Ena ankawiritsa mpope m'madzi a soda. Umadziwa kuti wayera ukauthira madzi: akayala paliponse mofanana zili bwino, akathawa pena n'kupanga timadontho ndiye kuti mafuta adakalipo ndipo uyenera kuyambiranso.

Mankhwala amapakidwa ndi kathonje kofinyidwa mpaka kutsala pang'ono kuuma. Dzanja limayenda ulendo umodzi kuchokera kumatako mpaka kukamwa, osaima, osabwerera, kenako mpope umatembenuzidwa pang'ono n'kuyambanso mzere wina wogundana ndi woyambawo. Wophunzira aliyense amafuna kunyowetsa kwambiri poganiza kuti zifulumira, ndipo mankhwala akayenderera amasiya mzere umene sufafanizika. Ukatha kupaka umapachika mpope m'kabati muja n'kutseka. Pakapita maola angapo, nthawi zina usiku wonse, chitsulo chimamera ufa wofiirira wosalala. Apa ndi pamene pagona luso. Ukauchotsa msanga mtundu sugwira. Ukachedwa dzimbiri limayamba kukumba timaenje, ndipo ntchito yonse imabwerera ku emery. Wotchi sithandiza kwenikweni, chifukwa tsiku la mvula dzimbiri limathamanga, tsiku lozizira louma limachita ulesi. Aphunzitsi anga ankatsegula kabati, n'kununkhiza, n'kuyang'ana mpope mopendeketsa ku kuwala, monga mlimi wa fodya amalowera m'chigafa m'mamawa kukagwira tsamba kuti amve ngati lafewa koti n'kumanga.

Mpope wadzimbiriwo umamizidwa m'madzi owira kwa mphindi zingapo. Ukatuluka, kufiira konse kwatha. Umakhala wakuda ngati wokutidwa ndi mwaye, ndipo umauma wokha ndi kutentha kwake. Madziwo ayenera kukhala opanda mchere wa m'miyala. Akale ankatchera a mvula. Agogo aja ankanyadira kuti mzinda wawo unali ndi mwayi, chifukwa kuyambira mu 1904 madzi a m'mipopi ya ku Birmingham amachokera ku Elan Valley ku Wales, mtunda woposa makilomita 110, ndipo ndi ofewa, pamene anzawo a ku London ankalimbana ndi madzi a choko. Mwaye uja umachotsedwa pa gudumu la waya, mopepuka kwambiri, waya akungopsompsona chitsulo. Chotsala pansi pake ulendo woyamba ndi kutuwa chabe, koti munthu n'kukhumudwa. Umapakanso, kupachikanso, kuwiritsanso, kupalanso. Ulendo uliwonse mtundu umazama. Pa kuchuluka kwa maulendo akuluakulu awiriwa sankagwirizana: agogo ankati kale ankabwereza koposa kakhumi pa mfuti yabwino, aphunzitsi anga ankati chitsulo chikasiya kumwa mankhwala ndiye kuti chakhuta, kaya ndi ulendo wachisanu ndi chimodzi kaya wachikhumi. Pomaliza mpope umatsukidwa kuti asidi afe, n'kumizidwa m'mafuta udakali wofunda, n'kuusiya upume.

Tizitsulo ting'onoting'ono tinali ndi njira zake. Zomangira ndi timapini zinkadetsedwa ndi moto wokha. Chitsulo chosalazidwa bwino chikamatenthedwa chimasintha mitundu motsatizana: chimayamba chikasu chotuwa ngati udzu wouma, kenako chofiirira, kenako chapepo, ndipo chikafika pa madigiri pafupifupi 300 chimakhala buluu wowala. Ukachedwa pang'ono buluuyo amathawa, n'kutsala kutuwa. Ena ankazimiza mu mchere wa potassium nitrate wosungunuka, ena ankazikwirira m'makala onyeka pang'onopang'ono n'kumazitulutsa kuzipukuta ndi choko. Thupi la mfuti, pamene pamakhala makina, linkapita kwa mmisiri winanso. Iye ankalilongedza m'bokosi lachitsulo pamodzi ndi makala a mafupa, n'kuliwotcha mpaka kufiira, kenako kukhuthulira zonse m'thanki ya madzi ozizira. Chitsulo chinkatuluka cholimba pamwamba, chamawangamawanga a buluu, ofiirira ndi achikasu. Agogo ankati phokoso la kukhuthulako linkamveka bwalo lonse, ndipo anyamata ankathamangira kukaonerera.

Mankhwala odzimbiritsira anali chinsinsi cha nyumba iliyonse. Mwini shedi ankasakaniza yekha anthu onse atapita, botolo n'kulisiya lopanda dzina. Komatu zosakanizazo zinali zodziwika: asidi wa nitric ndi wa hydrochloric, mchere wa chitsulo, mchere wa mkuwa, mowa wa spiriti, ndipo m'njira zambiri zakale munali mercuric chloride, poizoni woopsa amene ankagwiridwa popanda magolovesi m'zipinda zotsekedwa mawindo kuti chinyezi chisathawe. Mu 1936 R. H. Angier anasindikiza buku lotchedwa Firearm Blueing and Browning, limene linaika poyera njira zambirimbiri zoterezi. Agogo ankati bukulo silinalande munthu ntchito. Aliyense akanatha kuwerenga muyeso wa asidi, koma buku silikanamuuza kuti kabati ya m'chipinda chake lero yanyowa motani.

Chimene chinaopseza ntchitoyi ndi njira yachangu imene inafala m'mafakitale m'zaka za m'ma 1900. Chitsulo chimamizidwa m'madzi a caustic soda osakaniza ndi mchere wa nitrate, owira pa madigiri pafupifupi 140, ndipo pasanathe ola chimatuluka chakuda. Mfuti za mpope umodzi ndi za m'manja zambiri zimadetsedwa motero. Koma mfuti ya mipope iwiri yachikale imalumikizidwa ndi timizere ta chitsulo tomatidwa ndi mtovu wosakaniza ndi tini, ndipo caustic soda amadya chomatira chimenechi. Mankhwalawo amalowanso m'mphako ya pakati pa mipope n'kumatuluka pang'onopang'ono kwa miyezi, mpaka timizere tija titakanganuka. Kufooka kwa mtovu kumeneku ndi kumene kunasunga njira yakale. Aphunzitsi anga ankati theka la ntchito imene ankalandira inali kukonza zimene anthu othamanga anawononga mumphika wa soda.

Dera la Gun Quarter linayamba kudulidwa kale. Tchalitchi cha St Mary chinatsekedwa mu 1925 n'kugwetsedwa kuti chipatala cha General Hospital chikule. Nyumba za chipatalacho ku Steelhouse Lane lero ndi chipatala cha ana. Mabomba a nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anagwetsa zina. Koma nkhwangwa yaikulu inali msewu wozungulira pakati pa mzinda, umene injiniya wa mzindawu Herbert Manzoni anaukonza, womangidwa m'zaka za m'ma 1960 n'kutsegulidwa mu 1971. Unadutsa pakatikati pa Gun Quarter. Kampani ya Webley & Scott inali itasamukira kale ku Handsworth mu 1958. Fakitale ya Greener inagwetsedwa, ndipo mu 1965 bizinesiyo inagulitsidwa kwa Webley & Scott. Agogo aja ankati amisiri akuluakulu ambiri atalandira kalata yoti achoke sanafunefune malo ena. Anangopachika zida n'kupuma. Achinyamata anapita ku mafakitale a galimoto, kumene malipiro anali okwera ndipo ankabwera sabata iliyonse. Amene anatsala anamwazikana, wina ku Price Street, wina m'garaja kuseri kwa nyumba yake kunja kwa mzinda. Mpope umene mnyamata ankaunyamula kuwoloka msewu unayamba kutumizidwa pa positi.

Nthawi yomweyo msika unasintha. Mfuti zosakira zotchipa zinayamba kubwera kuchokera ku Eibar ku Spain ndi ku Gardone Val Trompia ku Italy, ndipo alenje ambiri anayamba kukonda za mipope yosanjikizana, wina pamwamba pa unzake, zimene Birmingham sinkapanga kwambiri. BSA inagwa mu 1973, ngakhale kuti dzinalo likupangabe mfuti za mpweya ku Armoury Road. Webley & Scott inasiya kupanga mfuti za onga ku Birmingham mu 1979. Ana asukulu ataphedwa ku Dunblane mu 1996, lamulo la mu 1997 linaletsa anthu wamba kukhala ndi mfuti zambiri za m'manja, ndipo ntchito yokonza zimenezo inatha. Sindikuona chodandaulitsa m'dziko kukhala ndi mfuti zochepa, ndipo munthu wochokera ku nyanja imene inaona zimene mfuti za malonda zinachita sangalire kuti mafakitale ake anatsekedwa. Chimene ndikulemba ndi njira imene anthu ankapatsirana luso la manja, imene inagwa pamodzi ndi njerwa zija.

Ntchitoyi sinafe. Westley Richards, imene inayamba mu 1812, inasamukira ku Pritchett Street mu 2008, m'mphepete mwa dera lakale, ndipo imapanga mfuti zochepa zodula kwambiri, zimene mipope yake imadetsedwabe ndi dzimbiri ndi madzi owira. Ku Price Street kwatsala amisiri owerengeka, ndipo malo omwera mowa a The Bull ndi Gunmakers Arms adakalipo. Mfuti zakale za ku Birmingham zili m'makabati a anthu m'mayiko ambiri, ndipo iliyonse tsiku lina idzafuna kudetsedwanso. Wofuna kuphunzira lero ali ndi zambiri zimene agogo aja analibe: mankhwala ogulitsidwa m'botolo lolembedwa bwino opanda mercury, magolovesi, kabati yokhala ndi choyezera chinyezi, ndi makanema a pa YouTube oonetsa gawo lililonse.

Chimene alibe ndi anansi. Mnyamata wa m'ma 1950 akalakwitsa, womanga mfuti wa khomo lotsatira ankabweza mpope tsiku lomwelo, n'kumulozera ndi chala pamene pali mzere, ndipo pofika madzulo bwalo lonse linkadziwa. Ankaona mipope yambirimbiri pa mwezi, yabwino ndi yoipa, ya abwana ake ndi ya opikisana nawo, mpaka diso lake linaphunzira kusiyanitsa wakuda wozama ndi wakuda wapamwamba iye asanathe kufotokoza kusiyanako. Wophunzira wa lero amasalaza yekha, kudetsa yekha, n'kudziweruza yekha, ndipo wogula amene akumutumizira mwina sanaonepo ntchito yabwino kuti ayerekeze. Aphunzitsi anga atatseka kachipinda kawo, mwini nyumba atagulitsa malowo, chimphika ndi gudumu zinagulidwa ndi mnyamata wina wa ku Shropshire amene amagwira ntchito yekha pa famu ya makolo ake. Amadetsa bwino ndithu. Akakayikira mpope, amaujambula pa foni n'kutumizira aphunzitsi anga, iwo n'kumuyankha kuti pa chithunzi chitsulo chilichonse chimaoneka chakuda, abwere nacho adzachione ndi maso. Ulendowo ndi wa ola limodzi ndi theka pa galimoto, ndipo mnyamatayo amapita.